Mbiri ya njanji ya pa Entre Lagos

Munthu akachoka kunyanja ya Chiuta nafika pa Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas, amapeza njanji yodutsa pakati pa Chiuta ndi Chilwa. Njanjiyi idalumikizana ndi ya ku Malawi pa Nayuchi m'chaka cha 1970. M'1984 nkhondo idaimitsa sitima zopita ku Nacala. Lero pamadutsa sitima za malasha a ku Moatize.

Wofuna mbiriyi angayambire ku National Archives ku Zomba, kapena ku Arquivo Histórico ku Maputo. Koma za amayi amene ankakweza nsomba zouma m'sitima, ndi za mabanja amene adathawira ku Malawi potsata njanji, akudziwa bwino ndi agogo a m'midzi muno. Agogowo akutha mmodzimmodzi. Ana asukulu akawafunse ndi kulemba akadali moyo.