Chaka chimene kadukutu anandigwetsa pansi

Ine ndimalima mtedza ku Mchinji. Mtedzawo ndiwo fizi ya ana, ndiwo sopo, ndiwonso nsinjiro ya m'ndiwo. Chaka chimene ndikukusimbiranichi, mvula yodzalira inagwa bwino kumapeto kwa Novembala, koma inandipeza ndilibe mbewu. Ndinayamba ndadzala chimanga monga timachitira tonse. Pamene ndimakatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula mbewu ya CG7, Khirisimasi inali itadutsa. Mbewuyo inachepa, choncho ndinatalikitsa mapando kuti munda wonse udzalidwe.

Mu Januwale kunachita ng'amba. Popalira ndinkaona tizilombo takuda titaunjikana kunsonga za mtedza, nyerere zili pikitipikiti kukwera ndi kutsika. Ndinkatidziwa, ndi nsabwe zomwe zija timaziona pa khobwe. Ndinati mvula ikabwera zikokoloka. Inabweradi, zambiri zinachoka, mtima wanga unakhala pansi.

Posakhalitsa masamba anayamba kuchita chikasu ndi kupiringizika. Mtedza unaleka kukula, unangopinimbira, phando lililonse lili kachitsamba kofwanyala. Zinayamba pano ndi apo, kenaka zigambazo zinakumana. Pofika kumapeto kwa Febuluwale munda wa anzanga oyandikana nawo unali bii, dothi losaoneka, pamene wanga munthu ankauzindikira ali kumsewu.

Abale anga, tsiku lokumba sindidzaliiwala. Ndinapita ndi mwana wanga wamkazi, titanyamula matumba mwachizolowezi. Ndinakumba phando loyamba, kukutumula dothi, pansi pali mizu yokhayokha. Lachiwiri chimodzimodzi. Pena ndinkapeza makoko awiri kapena atatu, ndikawafinya ali phwa. Mwana uja analeka kundiyang'ana kumaso. Ankangokumba mwakachetechete, ndipo ndinadziwa kuti mumtima akuwerengera fizi yake. Dzuwa lisanafike pamutu ndinaponya khasu, n'kukhala pamzere, n'kulira mokweza ngati pamaliro. Matumba aja tinabwerera nawo opindapinda.

Tsiku la msonkhano wa banki m'khonde ndinadzitsekera m'nyumba, anzanga akugogoda ine ndili chete. Mbuzi yokhayo imene ndinali nayo ndinagulitsa, koma ngongole sinathe. Mwana anakhala pakhomo teremu yonse. Usiku tulo sitinkabwera. Ndinkaopa kulandidwa ziwiya, ndinkaopa kusekedwa pachitsime. Ndipo ndinene zoona, ndinayamba kuwaganizira zoipa mayi achikulire a munda woyandikana uja. Ndinkati, matenda otani odziwa malire a munda? Ndinaleka kuwapatsa moni.

Koma ndi mayi omwewo amene anabwera pakhomo panga, atanyamula kambale ka mtedza wosenda. Anati, "Mwanawe, usadzitsekere. Mawa alangizi akubwera ku kalabu, tipitire limodzi." Ndinapita chifukwa cha manyazi okana.

Alangizi atamva nkhani yanga anati, "Mayi, palibe anakulodzani. Ameneyo ndi kadukutu, ena amati khate la mtedza." Anafotokoza kuti matendawa sabwera ndi mbewu, sachokeranso m'dothi. Amanyamulidwa ndi nsabwe zakuda zija. Zoyamba kufika zimakhala zamapiko, zouluzika ndi mphepo, ndipo zikayamwa mtedza wodwala zimakasiya matendawo pa wabwino. Zimakonda kutera m'munda mmene mtedza uli patalipatali, dothi likuonekera, makamaka wodzalidwa mochedwa umene zaupeza uli wanthete. Yaikazi sidikira yaimuna, imangobereka ana amoyo, ndipo anawo pakangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono nawonso ayamba kubereka. Pamene mvula inkazikokolola m'munda mwanga, ntchito yake zinali zitagwira kale. Mtedza ukadwala, mankhwala ochiza palibe.

Anatiuzanso kuti si ine woyamba. M'chaka cha ulimi cha 1994/95 kadukutu anasakaza minda m'chigawo chapakati kuno ndi kum'mawa kwa Zambia, ndipo mu 1975 anawononga mahekitala pafupifupi 700,000 kumpoto kwa Nigeria. N'chifukwa chake akatswiri a ICRISAT ndi a boma ku Chitedze anatulutsa mbewu zopirira monga Nsinjiro, Baka ndi Chitala. CG7 ndi Chalimbana ndi mtedza wabwino pamsika, koma kadukutu amaugwira msanga.

Chimene chinandisintha kwenikweni ndi ntchito imene anatipatsa: kuyendera munda ndi kuwerenga nsabwe. Chaka chotsatira, a kalabu atandibwereka mbewu ya Nsinjiro, ndinadzala ndi mvula yoyamba, mapando otalikana masentimita 15. Ndinaika beseni lachikasu m'munda, muli madzi ndi sopo pang'ono, pakuti nsabwe zamapiko zimakopeka ndi chikasu n'kugweramo. Sabata iliyonse m'mamawa ndinkadutsa m'munda mokhotakhota, kugwada, kutsegula nsonga zanthete, kutembenuza masamba. Ndinkalemba m'kope lakale la mwana: mapando angati ndaona, angati ali ndi nsabwe, zamapiko zilipo kapena ayi. Ndikaona nyerere zikukwera phando ndinkaimapo, chifukwa zimatsata timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa.

Pang'onopang'ono maso anatseguka. Kale kwa ine nsabwe inali nsabwe basi. Tsopano ndimadziwa kuti zotuwa zokhala ngati zawazidwa ufa, za pa repu ndi kabichi kudimba, ndi mtundu wina. Zobiriwira modera za pa ngayaye za chimanga ndi zinanso. Za pa fodya nazo ndi zina. Zakuda zonyezimira za pa khobwe ndi mtedza ndizo zimandithamangitsa mtima. Ndinadziwanso abwenzi anga: kachilombo kofiira kamadontho akuda kaja kamadya nsabwe, ana akenso amadya koposa. Nsabwe zina ndimazipeza zitafufuma n'kuuma, zili zofiirira, ndiye kuti kamavu kanaikiramo dzira. Ndikaona zimenezi sindithamangira kupopera mankhwala, ndingaphe ondithandiza. Ndalama zochepazo ndimazisungira pamene kope likuonetsa kuti nsabwe zikuchuluka mtedza ukadali waung'ono.

Chaka chimenecho mapando ochepa okha anadwala. Ndinawazula msanga n'kuwakwirira kunja kwa munda. M'chilimwe ndinazulanso mtedza wonse womera wokha, pakuti umatha kusunga nsabwe ndi matendawo mpaka mvula ina. Nditakolola ndinabweza mbewu ya kalabu, ndinamaliza ngongole, mwana anabwerera kusukulu. Mayi aja ndinakawapepesa nditagwada, ndipo anangoti, "Zinatha zimenezo, tiye tikatole nkhuni." Ndimayamika Mulungu chifukwa cha iwo, chifukwa cha alangizi, ndi anzanga a banki m'khonde amene anandidikira osandilanda kanthu.

Inu amene munda wanu wachita chikasu chaka chino, ndikudziwa mmene mukugonera. Musadzitsekere m'nyumba, ndipo musadane ndi mnansi wanu. Pitani kwa alangizi a m'dera lanu mukafunse za mbewu yopirira nthawi ikadalipo. Mvula yoyamba ikagwa dzalani mothithikana, ndipo mtedza ukangomera yambani kugwada m'mizere n'kumatembenuza masamba sabata iliyonse.