Ati ku Ntcheu choona ndi mbatata basi

Msuweni wanga yemwe amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England anabwera kudzacheza kumudzi mwezi wathawu, ndipo abale inu, sitinapume. Chikhalireni pamkeka foni ili m'manja, kutionetsa zithunzi za ku Spain komwe ati anakayenda ndi anzake m'mbali mwa nyanja ya mchere.

Kunena zoona zinthuzo nzokongola. Ku Valencia anajambula chinyumba chooneka ngati diso la munthu litayandama pamadzi, ntchito ya katswiri wina dzina lake Santiago Calatrava, chomwe anachitsegula mu 1998. Ku Alicante anajambula linga la miyala lotchedwa Santa Bárbara, lili neng'a pamwamba pa phiri kuyang'ana nyanja. Analiyamba ndi Aluya zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo eni dziko anachita kuboola phirilo nkuikamo chikepe kuti alendo aulesi asamatuluke thukuta pokwera. Mu 2019 mokha ku Spain kunafika alendo oposa 80 miliyoni, ambiri mwa iwo kukasiya ndalama chifukwa cha dzuwa, mchenga ndi miyala yakale ngati imeneyi.

Mpaka apo zinali bwino. Koma atatseka foni anandiyang'ana nkunena kuti, "Nanga asuweni, inu olemba nyuzi, kwanu kuno mlendo mungamuonetse chiyani? Mbatata?"

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Pachisuweni sitikwiyirana, koma mawuwo anandilasa. Loweruka lotsatira ndinalawirira, kope m'thumba, kuti ndiyende boma langa lomwe ngati mlendo.

Ndinayambira pa boma penipeni. Nyumba zamakono zilipo ndithu, musanyoze: mashopu a magalasi akuda, malo othirira mafuta, malo ogona alendo opaka utoto wothobwa m'maso, ndi nyumba za malata obiriwira zomwe amanga anyamata obwera ku Joni. Koma zonsezi mukazipezanso ku Balaka kapena ku Dedza, ngati kuti mmisiri wake ndi mmodzi. Sindinachedwepo.

Wa kabaza ananditengera ku Nkolimbo, kunja pang'ono kwa boma, m'dera la Inkosi Kwataine. Apa mpomwe pali manda ndi chipilala cha Inkosi ya Makhosi Gomani Chikuse, yemwe anaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896. Ambirife timangopadziwa chifukwa cha Umhlangano, mwambo womwe Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka, zikopa ndi zibonga m'manja, ngoma ili pakati, moyang'aniridwa ndi Inkosi ya Makhosi Gomani V. Tsiku limenelo fumbi limafika kumwamba, mowa ndi nyama osanena. Koma tsiku wamba ngati lomwe ndinafika ine pamakhala zii, ndipo mpamene munthu umaganiza bwino.

Ndinapeza agogo ena aamuna akudyetsa mbuzi chapafupi. Nditawapatsa moni nkuwauza chomwe ndadzera, anatsamira ndodo yawo.

"Mwanawe, kusukulu anakuuzani kuti anafera chiyani?"

Ndinayankha zomwe ndimadziwa: kuti Gomani sanafune kuti anthu ake azikhoma msonkho kwa azungu ndi kumakagwira ntchito m'minda yawo, kuti ankhondo ake anaukira midzi ya kufupi ndi mishoni ya ku Dombole, ndipo boma la atsamunda linatumiza asilikali kuchokera ku Zomba.

"Eya, izo nza m'buku," anatero agogowo. "Koma makolo athu ankati atamugwira anafuna kuti ayende pansi ngati kapolo, mzungu ali pa hatchi. Iye anakana. Mfumu ya Angoni siyenda choncho. Ndiye anamuphera panjira."

Anayankhula ngati zachitika dzana. Ndinayang'ananso chipilala chija. Sichachitali ngati linga la ku Alicante, chikepe palibe, wogulitsa matikiti palibe. Koma munthu amene wagona apo anauza ufumu waukulu padziko lonse nthawi imeneyo kuti toto, akudziwa bwino lomwe kuti mfuti zili kwa iwo.

Ndinawafunsa agogowo funso la msuweni wanga lija, koma mwaulemu: bwanji kuno kulibe malinga a pamwamba pa phiri ngati kwa azungu? Anaseka mpaka kutsokomola.

"Malinga analipo! Nanga Angonife tikamabwera ndi nkhondo, eni dziko ankathawira kuti? Kumapiri konseku. Ena ankazinga midzi yawo ndi mitengo, minga ndi dothi. Tsono mtengo ndi chiswe, wapambana ndani?"

Apo ndiye panali yankho langa. Mzungu anamanga ndi miyala, ife tinamanga ndi mitengo, ndipo chiswe chinadya umboni. Chomwe chinatsala ndi mapiri eni akewo, a Mvai, a Dzonzi, a Chirobwe, omwe lero timangowaona ngati kotola nkhuni ndi kootcha makala. Wofuna linga lenileni la makoma pamwamba pa phiri ayenera kupita ku Mangochi, komwe Angerezi anamanga Fort Mangochi atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895. Makoma ake akadalipo m'tchire.

Kuchoka apo ndinakwera minibasi yolowera ku Lizulu. Amene simunayendepo ndi maso otsegula, mverani: kuyambira cha ku Biriwiri, msewu wa M1 ndiwo malire a dziko. Mukamapita ku Lilongwe, dzanja lamanja ndi Malawi, lamanzere ndi Mozambique. Nkhuku imadzuka ku Malawi nkukadya ku Mozambique popanda chiphaso. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi, chinenero chimodzi, maliro amodzi, ndipo kumadzulo uko, m'boma la Angonia, nkomwe kuli phiri la Domwe pomwe Angoni a kwa Maseko anakhazikika asanafalikire kuno. Malirewo anachita kulemberana Angerezi ndi Apwitikizi.

Kumanzere komweko mudzaona mabwinja a masitolo akale, opanda denga, mazenera ali pululu. Ena anawakonza nkuyambamo malonda, ena akadali chomwecho. Imeneyo ndi ntchito ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome mu October 1992. Ine ndinabadwa nkhondoyo itatha, koma amayi amasimba kuti anthu ankangodumpha msewu, mwana kumsana, mtolo pamutu, basi afika kothawira. Dziko lino linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo Ntcheu inali mwa maboma omwe analandira ambiri zedi. Mayi wina amene ndinakhala naye pampando, dengu la tomato pamiyendo, anandiona ndikujambula bwinja lina.

"Achimwene, mukujambula chiyani pamenepo? Si nyumba yakugwa iyo?"

Ndinati ndikufuna ndikaonetse munthu wina. Anapukusa mutu, kenaka patapita kanthawi ananena chapansipansi kuti iwonso anabadwira tsidya ilo, anawoloka ali pamsana. Sanaonjezerepo, inenso sindinafunse.

Pa Mlangeni tinangoima kutsitsa matumba. Dzinali limadziwika lero ndi sukulu ya apolisi, koma atapha Gomani atsamunda anaika asilikali awo kuno, pamalo omwe ankawatcha Fort Mlangeni, kuti Angoni asadzukenso. Ndinafunsa anyamata awiri ogulitsa chimanga chootcha ngati amadziwa za linga limeneli. Wina anati mwina ndikunena malo omwera mowa. Sindikuwaseka ayi, poti inenso ndazidziwa ndili wamkulu kale. Ndi angati mwa ife a Ntcheu amene tinakafikako ku Nzama, komwe ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni mu 1901? Timapita ku nyanja ndi sukulu, kwathu kwenikweni osakudziwa.

Ku Lizulu ndinafika dzuwa litapendeka, kamphepo kozizira kakuwomba monga mwa nthawi zonse. Kuno nkomwe kuli likulu la Gomani. Kuno nkomwe mu 1953 Inkosi Philip Gomani II, mwana wa wophedwa uja, anauza anthu ake kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linamuchotsa paufumu nkutumiza apolisi kuti akamugwire ali wodwala. Anathawira tsidya la msewu ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza. Anamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo, kutali ndi anthu ake. Bambo 1896, mwana 1953, banja limodzi kukana kawiri.

Tsono msika wa pa Lizulu ndiye simungaulambalale. Kabichi milumilu, anyezi, karoti, nyemba, ndi mbatata ya kachewere yomwe msuweni wanga amatinyoza nayo ija. Ndinagula ndowa imodzi, nanga nkubwerera chimanjamanja? Pobweza chenji mayi wogulitsayo anafufuza m'kansalu kake nkutulutsa ka K50 kakuda bii, kong'ambika m'mphepete, kandalama komwe masiku ano ngakhale mwana amakakana. Nditakatambasula ndinaona nkhope ya Philip Gomani II, yomwe yakhala pa ndalama imeneyi kuyambira mu 2012. Ndinafunsa mayiyo ngati amawadziwa bambo amenewa.

"Iii, achimwene, mukufunsa ine wa pa Lizulu? Si agogo awo a Inkosi awa?"

Ndinachita manyazi pang'ono. Ndinajambula kandalamako, kumbuyo kukuoneka phiri ndi milu ya kabichi, nkutumiza pa WhatsApp kwa msuweni wanga pamodzi ndi chithunzi cha chipilala ndi cha bwinja lija. Minibasi yobwerera isanadzaze nkomwe, yankho linali litafika kale.

"Zaoneka asuweni. Ndikabwera December mudzandiperekeze. Koma mbatatayo mundisungireko."