Ulimbo Umene Tinaupeza pa Cyprus

Mnzathu wina atatiuza kuti tisonkhe ndalama tikaone mbalame, tinamuseka mpaka misozi. Tinali anayi, tonse ochokera ku Malawi, tikuphunzira ku Britain, ndipo chimene tinkafuna pa tchuthi chathu chachifupi chinali dzuwa basi. Munthu wokulira kumudzi angalipire bwanji ndege kuti akaone mbalame, pamene mpheta tinkachita kuzipirikitsa pamphasa ya mphale? Koma iye amaphunzira za chilengedwe ndipo ndi wamakani. Kumapeto kwa Januwale tinapezeka titatera pabwalo la ndege la Larnaca, pachilumba cha Cyprus, titalowa m'kagulu ka anthu oyenda ndi magalasi oonera patali m'khosi.

Cyprus ili kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean, kum'mwera kwa Turkey, ndipo ndi chilumba chachitatu pakukula m'nyanjayi, kutsatira Sicily ndi Sardinia. Owerenga buku la Machitidwe amachidziwa ndi dzina loti Kupro, kwawo kwa Barnaba. Chimene sitinkadziwa n'chakuti kumeneko mvula imagwa m'nyengo yozizira. Kuyambira Juni mpaka Seputembala dziko limauma gwa, udzu n'kusanduka wofiirira. Mvula ikayamba cha mu Novembala, zonse zimadzuka. Choncho miyezi imene kwathu chimanga chili m'mawondo ndi yomweyonso imene Cyprus imabiriwira. Kusiyana kwake n'kwakuti dzinja lawo limafuna juzi, ndipo pamwamba pa mapiri a Troodos, pamene nsonga yake imafika mamita 1,952, pamakhala chipale chofewa.

Tsiku loyamba sitinapite patali. Pafupi ndi bwalo la ndege pali nyanja yamchere imene m'chilimwe imaphwa n'kusiya mchere woyera mbee, koma mvula ikagwa imadzaza madzi osafika n'komwe m'chiuno. Kutsidya kwake kuli mzikiti wakale wa Hala Sultan Tekke pakati pa mitengo ya kanjedza. M'madzimo munali maflamingo ochuluka moti tinalephera kuwerenga. Zimenezi ndi mbalame zamiyendo yaitali ngati ndodo, zimene zimadya mutu utazondoka, n'kumasefa madzi ndi mlomo wokhota. Chakudya chake ndi tizilombo tating'onoting'ono tokhala m'madzi amchere, ndipo ndi chakudya chimenechi chimene chimapatsa nthenga zake mtundu wofiirira. Ana ake amakhala otuwa. Kagulu kena katauluka, mapiko ofiira ndi akuda atatambasuka, mnzathu amene anaseka kwambiri ku Britain uja anapempha kuti amubwerekeko magalasi. Sanabwezenso mpaka madzulo.

Wotitsogolera anali mayi wachikulire wa pachilumbapo, wosalankhulalankhula. Anatiphunzitsa kuima chilili osakweza mkono, kuyamba kumvetsera tisanayang'ane, ndi kuona kaye kukula kwa mbalame, mlomo wake ndi kaulukidwe kake tisanathamangire mtundu wa nthenga. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kumeneko tinaumvetsa mwambiwu ndi miyendo yotopa. Timbalame tambiri timene tinaona tinali tothawa chisanu cha kumpoto kwa Ulaya: robin wa chifuwa chofiira, stonechat wokonda kutera pansonga ya chitsamba, ndi black redstart wonjenjemeretsa mchira. M'mawa wina pafupi ndi Paphos tinamva kulira kokalipa m'munda wa tirigu. Tisanauzidwe n'komwe tinanena tonse pamodzi kuti iyo ndi nkhwali. Inalidi nkhwali, ya mtundu wakuda umene amautcha black francolin. Mayi aja anatiyang'ana modabwa, ndipo ife tinayenda monyadira tsiku lonse.

Maluwa tinakawaona bwino ku Akamas, kansonga ka dziko kotulukira m'nyanja kumadzulo kwa chilumbachi. M'ming'alu ya miyala munali cyclamen, duwa lowerama mutu koma masamba a duwalo atapindikira m'mwamba ngati makutu a kalulu. Mtundu wina wa cyclamen umamera pa Cyprus pokha ndipo ndiwo duwa la dzikolo. Panali anemone ofiira, oyera ndi obiriwira ngati thambo, onse a mtundu umodzi. Panalinso maluwa a orchid otchedwa Ophrys, amene amaoneka ngati njuchi yaikazi ndi kutulutsa fungo lake, kotero kuti yamphongo imabwera n'kunyamula mungu osapezapo kanthu. Zomera zambiri zoterezi zili ndi chitsa chonga anyezi kapena mbatata pansi pa nthaka. Chilimwe chonse zimagona, mvula ikagwa zimaphuka msanga, kuchita maluwa ndi kubala njere dzuwa lisanapse. Duwa lachikasu limene linakuta minda yambiri, Oxalis pes-caprae, tinauzidwa kuti si la kumeneko ayi. Linachokera ku South Africa ndipo tsopano alimi amalitenga ngati udzu wovuta. Tinaseka kuti ngakhale maluwa amapita kunja n'kuiwala kubwerera.

Patapita masiku angapo mmodzi wa ife anafunsa chifukwa chake sitinaoneko namzeze. Mayi aja anayankha mwachidule kuti, "Ali kwanu." Anafotokoza kuti anamzeze amene amaswera ku Ulaya amathera miyezi yozizira kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo ambiri amafika mpaka kum'mwera kwa Africa. Popita ndi pobwerera, mbalame zochuluka zimatera pa Cyprus kuti zipume ndi kudya, chifukwa kutsogolo ndi kumbuyo kuli nyanja. Ngakhale kambalame kotchedwa Cyprus wheatear, kamene sikaswera kwina kulikonse koma pachilumbachi, mu Januwale kamakhala kali ku Sudan ndi ku Ethiopia. Tinakumbuka anamzeze ondanda pawaya wamagetsi mvula ikamayandikira kwathu. Sitinaganizepo ndi tsiku limodzi kuti ena mwa iwo, olemera ngati magalamu 20 okha, anali atawoloka nyanja ndi chipululu.

Tsiku lotsiriza tinabwerera kum'mawa kwa chilumbachi kuti tikhale pafupi ndi bwalo la ndege. Tikuyenda m'mphepete mwa munda wina wa azitona tinamva kuphiriphitha m'chitsamba. Anzathu a ku Ulaya anaganiza kuti ndi mbalame yovulala. Ife tinadziwa tisanayandikire. Panthambi panali kamtengo kowongoka, kotalika ngati mkono, kopakidwa zomata, ndipo kambalame kotuwa ka chipewa chakuda kanali lende, miyendo ndi phiko limodzi zitamatirira. Unali ulimbo.

Mayi aja anaimba foni kukanena kwa oyang'anira zanyama. Ena anali kukalipa, wina akujambula. Koma amene anagwada n'kukagwira kambalameko, khosi pakati pa zala ziwiri kuti kasadzipweteke, anali mmodzi wa ife. Wina anathira madzi a m'botolo pang'onopang'ono, wina akumatula nthenga imodziimodzi. Manja athu ankadziwa ntchitoyi. Kamtima kake kankagunda m'dzanja ngati kaphulika. Titakatsuka tinakaika panthambi padzuwa. Kanakhala duu kwa mphindi zingapo, kenako kanadzikung'untha n'kulowa m'tchire.

Bambo wina wa m'gulumo anatiyamikira n'kufunsa kumene tinaphunzira kupulumutsa mbalame. Tinayang'anizana. Zoona zake n'zakuti sitinaphunzire kupulumutsa. Tili anyamata tinkatema mitengo yamkaka, kuphika utomoni, kupaka patimitengo n'kukatchera pachitsime kapena pamtengo wa kachere. Kumatula mbalame pa ulimbo tinkakudziwa chifukwa pambuyo pake tinkaipotokola khosi. Tinamuuza zimenezi, ndipo anangoti chete.

M'galimoto mayi aja anatifotokozera za mwambowu. Kambalame kaja ndi blackcap. Pa Cyprus timbalame totere timaphikidwa kukhala chakudya chotchedwa ambelopoulia, chimene makolo osauka ankadya kalekale pamene nyama inali yosowa. Ulimbo wawo amaupanga kuchokera ku zipatso za mtengo wina. Kutchera kotereku kunaletsedwa ndi lamulo mu 1974, koma kukuchitikabe mobisa chifukwa mbale imodzi imagulidwa ndalama zambiri. Otchera amasiku ano amaonjezera maukonde opyapyala osaoneka ndi maso, ndi timakina toliza nyimbo za mbalame usiku wonse kuti zodutsa zitsike. Bungwe la BirdLife Cyprus lakhala likutsata nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo mitundu ya mbalame yoposa 150 yapezekapo m'misampha yotere, chifukwa ulimbo susankha. Umagwira kadzidzi, umagwira ndi mbalame zosowa zimene palibe amazidya.

Usiku umenewo tinatsutsana kwambiri. Mmodzi anati si bwino kudziyerekeza ndi otchera a pa Cyprus. Ife tinkatchera chifukwa nsima inalibe ndiwo, iwo akutchera kuti anthu okhuta adye zokoma. Zimenezi n'zoona, ndipo sitingaweruze mwana wanjala titakhala pagome lodzaza. Koma wina anatikumbutsa kuti si tsiku lililonse limene tinali ndi njala. Nthawi zambiri tinkapha ndi legeni pofuna kungoonetsa anzathu kuti dzanja lathu siliphonya, ndipo timbalame tina tinkatitaya chifukwa tinalibe mnofu. Mnzathu wa zachilengedwe uja anawonjezera kuti ena mwa ma blackcap a kum'mawa kwa Ulaya amafika mpaka m'nkhalango za m'mapiri a kwathu. Ndiye kuti kambalame kamodzi kakhoza kupulumuka ulimbo wa pa Cyprus mu Okutobala n'kukamatirira pa ulimbo wathu mu Disembala. Wotchera aliyense amaona ngati mbalame ndi ya m'dera lake ndiponso kuti sizingathe. Palibe amene amaona ulendo wonse.

Sitinabwereko titasanduka akatswiri. Mayina ambiri a maluwa tinawaiwala tisanakwere ndege. Koma tinagwirizana chinthu chimodzi chaching'ono. Tinasonkhanso ndalama, ulendo uno popanda woseka, n'kugula magalasi oonera patali ogwiritsidwapo kale ntchito ndi buku la mbalame za kum'mwera kwa Africa. Woyamba kupita kumudzi ndiye adzazinyamule. Aliyense wa ife ali ndi adzukulu kapena ang'ono ake amene amayenda ndi legeni m'thumba, ndipo tikudziwa kuti kuwalanda sikungathandize, chifukwa mawa lake adzasema ina. Tidzakhala nawo pansi pa waya wamagetsi mvula ikamayandikira, tidzawapatsa magalasiwo, ndipo tidzawauza kumene anamzeze aja achokera. Kenako tidzawauzanso kuti ifeyo tinali akatswiri a ulimbo, kuti asaganize kuti akulankhula nawo ndi anthu amene sanagwirepo mbalame m'manja.