CHONGWE AYEMBEKEZA GALIMOTO ZA MAGETSI

Munthu wocoka ku Lusaka kulinga kum'mawa pa mseu wa Great East ayenda makilomita 45 kuti afike pa tauni ya Chongwe, m'dziko la Asoli la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Panjira akumana ndi njinga zosenza matumba a makala ndi malole a cimanga ndi tomato, zonse zolinga ku misika ya mumzinda. Mseu womwewu ndiwo upitirira ku Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Chipata.

Dziko lino ligula kunja mafuta onse a galimoto, ndipo mtengo wake ukakwera, mlimi ndiye alira polipira lole. Mu 2024 Boma linacotsa msonkho wa pamalire pa galimoto, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, pamodzi ndi zipangizo zochajira mabatire ake. Mkuwa wambiri ulowa m'galimoto zimenezi, ndipo mu April 2022 Zambia ndi dziko la Congo anasainirana pangano la kupanga mabatire.

Koma galimoto yotere ikathera mphamvu pathengo, cigubu ca petulo siciithandiza. Pa waya wa m'nyumba idzala usiku wonse. Pa makina amphamvu ola limodzi likwanira. Makinawo afuna thiransifoma yaikulu ndi mawaya olimba, zinthu zosowa m'midzi yambiri ya boma la Chongwe, kumene bungwe la Rural Electrification Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, likali ndi nchito yofikitsa magetsi m'masukulu ndi m'zipatala.

Vuto lina ndi la mvula. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, kotero kuti ZESCO inali kuzimitsa magetsi kufikira maola 21 pa tsiku. Zigayo zinaima, owocherera zitsulo anakhala manja lende. Mwini galimoto ya magetsi akadaima nawo limodzi.

Dzuwa lokha silisowa kuno. Mu 2025 ku Chisamba kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 100. Zipangizo zazing'ono za mtundu womwewo, zitaikidwa pa msika wa Chongwe kapena ku Chalimbana, zikhoza kudzaza njinga zamoto zonyamula anthu ndi katundu kupita kumidzi. Popanda malo otere, msonkho umene Boma linacotsa udzapindulira a mumzinda okha, ndipo mlimi wa ku Kanakantapa adzapitirizabe kulipira mtengo wa dizilo pa thumba lililonse la cimanga.