NAMWALI AMENE ANAYANKHA FUNSO LA NYENYEZI

Usiku wopanda mwezi m'nyengo ya dzinja, mvula ikakata ndi kumwamba kuyera, munthu woyang'ana kum'mwera amaona timitambo tiwiri totuwa patali pang'ono ndi Mlalang'amba. Timitamboti sitigwetsa mvula ai, pakuti ndi miyandamiyanda ya nyenyezi zimene akatswiri amazicha Magellanic Clouds. Mmodzi wa anthu amene anathera zaka zambiri pofufuza nyenyezi zimenezi ndi Mai Cecilia Payne-Gaposchkin, ndipo mbiri yao ili ndi phunziro kwa makolo.

Cecilia Payne anabadwa m'caka ca 1900 ku Wendover m'dziko la England. Atate wake anamwalira iye ali ndi zaka 4, ndipo amake analera okha ana atatu. Cifukwa ca kukhoza bwino m'sukulu, iye analandira thandizo la ndalama nalowa yunivesiti ya Cambridge mu 1919. Caka comweco anamvetsera Arthur Eddington akufotokoza za kadamsana amene anakamuyeza pa cisumbu ca Príncipe, kumadzulo kwa Africa. Kuyambira tsikulo mtima wake unali pa nyenyezi.

Tsono ngakhale anatsiriza maphunziro onse, sanapatsidwe digiri, pakuti yunivesitiyo inayamba kupatsa akazi madigiri mu 1948. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1923 anaoloka nyanja kunka ku Harvard m'dziko la America, kumene kunali zithunzi zikwizikwi za nyenyezi zojambulidwa pa magalasi.

Kodi munthu angadziwe bwanji cimene cili m'nyenyezi osaikhudza? Kuwala kwake kukapyola m'galasi la ngondya zitatu kumamwazika monga utawaleza, ndipo m'menemo mumaoneka timizere takuda. Cinthu ciriconse, kaya citsulo kaya mpweya, cimasiya timizere take, monga nyama iriyonse imasiya mapazi ake m'dothi. Pothandizidwa ndi masamu a Meghnad Saha wa ku India, namwaliyo anaonetsa kuti timizereti timasiyana makamaka cifukwa ca kutentha kwa nyenyezi. Anapezanso cinthu codabwitsa: Dzuwa ndi nyenyezi zinapangidwa kwakukulu ndi mipweya iwiri yopepuka koposa, haidrojeni ndi hiliyamu. Pa nthawiyo akatswiri anali kukhulupirira kuti za m'Dzuwa zifanana ndi za m'nthaka ya dziko lino.

Zimenezi anazilemba mu 1925 m'buku la digiri ya udokotala lochedwa Stellar Atmospheres, ali ndi zaka 25 cabe. Koma Pulofesa Henry Norris Russell wa ku Princeton, mkulu wolemekezeka pa nchitoyi, anamlembera kuti zotere sizingatheke. Mwana wa sukulu akanatsutsa bwanji mkulu wotere? Motero iye anasiya manambala ake m'bukumo, koma anaonjezapo mau akuti mwina sanali oona. Mu 1929 Russell, atafufuza mwa njira ina, anapeza zomwezo. Anachula dzina la namwaliyo m'zolemba zake, komabe kwa zaka zambiri anthu anapatsa ulemu mkuluyo. Akale anati mau a akulu akoma akagonera, koma pano mau amene anakoma atagonera anali a mwana.

Iye sanataye mtima. Mu 1934 anakwatiwa ndi Sergei Gaposchkin wa ku Russia, nabala ana atatu. Awiriwa pamodzi ndi owathandiza anayeza nyenyezi zimene kuwala kwake kumakula ndi kucepa, koyamba nthawi zoposa miliyoni imodzi, ndipo pambuyo pake nthawi ngati mamiliyoni awiri m'timitambo tija ta kum'mwera. Miyeso imeneyi inathandiza akatswiri kumvetsa m'mene nyenyezi zimasinthira pa moyo wao.

Ngakhale zinali tero, Mai Payne-Gaposchkin anagwira nchito zaka zambiri pa malipiro ocepa, ndipo maphunziro amene anali kuphunzitsa sanalembedwe m'buku la yunivesiti kufikira 1945. Mu 1956 ndi pamene anakwezedwa kukhala Pulofesa, ndipo anakhala mkazi woyamba kutsogolera cigawo ca maphunziro pa Harvard. Ena mwa ophunzira ao, monga Helen Sawyer Hogg ndi Frank Drake, anakhala akatswiri omveka. Mu 1976 bungwe la American Astronomical Society linawapatsa mphotho yodziwika ndi dzina la Russell yemwe uja. Anamwalira pa 7 December, 1979. Lero mwana aliyense wophunzira sayansi amauzidwa cimene iwo anapeza.

M'midzi muno, ndalama za sukulu zikacepa, kawirikawiri wotsala pa nyumba ndi mtsikana, ndipo pabwalo mau a wamng'ono samveka. Makolo aganizire bwino nkhaniyi. Mwana wamkazi amene akutunga madzi lero angakhale ali ndi yankho limene akulu sanalipeze, ndipo sadzalinena ngati atsekeredwa khomo la sukulu.