Wulu wa mitundu iwiri

Kuno ku Shurugwi chisanu cha mwezi wa Juni sichinyengerera munthu. Tawuni yathu ili pamtunda, pakati pa mapiri okumbidwa miyala ya chrome, ndipo masiku ena timadzuka udzu utayera ngati wina wawazapo ufa. M'mwezi wotero, chaka chatha, mwana wanga wamkazi amene amasamalira okalamba ku England anatumiza kaphukusi kwa agogo ake. Munali mipira 8 ya wulu wotuwa ngati phulusa, uliwonse wolemera magalamu 50. Pakapepala kokulunga mpira uliwonse panalembedwa kuti ulusiwo ndi wosakaniza ubweya wa nkhosa za merino ndi linen. Pafoni anangoti, "Agogo alukire mwana amene ndikuyembekezerayu shawelo."

Amayi anga adutsa zaka 80, ndipo zala zawo zinapindika ndi nyamakazi. Anatenga mpira umodzi, naufinya, naununkhiza, nadula kachidutswa kotalika ngati chala. Kenaka anaitanitsa machesi. Umu ndi mmene akhala akuyesera wulu chiyambire ndili mwana. Wulu wa kufakitale, uja wa acrylic wodzaza m'masitolo a ku Gweru, ukauyatsa umasungunuka n'kusiya kambulu kolimba ngati pulasitiki. Ubweya weniweni umanyeka monyinyirika, umanunkha ngati tsitsi lopserera, ndipo phulusa lake limafumbutuka ukalitikita. Kachidutswa aka kananunkha tsitsi, koma pambuyo pake panabwera kafungo kena konga ka udzu wopsa.

"Muli chinthu china umu, Naphiri," anatero. "Ndiwerengere kapepalako."

Kuti mumvetse chifukwa chake mayi wokalamba ayesa mphatso ndi moto asanathokoze, ndiyambe ndakuuzani kumene anaphunzirira kuluka. Bambo anachoka ku Dedza m'nthawi ya Chitaganya, monga anachitira amuna ambiri a ku Nyasaland amene anadzaza migodi ya dera lino, ku Kwekwe, ku Zvishavane ndi kuno, kumene panthawiyo kunkatchedwa Selukwe mpaka chaka cha 1982. Amayi anawatsatira pambuyo. Eni dziko ankatitcha mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre, ngakhale makolo anga mzindawo sanakhalemo. M'komboni munalibe munda woti mkazi alimemo mokwanira. Chimene chinalipo ndi kalabu ya amayi ku holo, kumene ankaphunzitsa kusoka, kuphika ndi kuluka. Singano zawo zoyamba zinali masipoko a njinga amene bambo anawanola pamwala.

Wulu watsopano unali wa anthu a ndalama. Ife tinkavala wulu womasula. Juzi ya bambo ikabooka m'zigongono, amayi ankaisomola msoko, n'kupeza nsonga ya ulusi, n'kuyamba kukoka. Ine ntchito yanga inali kukhala pansi manja ali chotambasula, iwo akukulunga ulusiwo m'mikono yanga mpaka mapewa kuwawa. Ulusi womasula umatuluka wopiringizika ngati tsitsi, choncho ankauviika m'madzi ofunda, n'kuupachika pamthunzi atamangirira kamwala kumunsi kuti uwongoke. Ukakhala utaperepeseka, ankaphatikiza ziwiri, wina wochokera m'juzi iyi, wina m'juzi iyo. Juzi imodzi ya bambo inasanduka yanga ya kusukulu, kenaka ya mng'ono wanga, potsiriza chipewa ndi masokosi a khanda.

Zaka za m'ma 1990, ndondomeko ya ESAP italowa ndipo amuna ambiri atachotsedwa ntchito, kuluka kunasiya kukhala kongoteteza ana kuchisanu. Amayi a m'matawuni a migodi anatenga kasingano kokowa kaja ndi ulusi woyera wa thonje, nayamba kuluka madoili, zoyala pamipando, patebulo ndi pabedi. Ankawanyamula m'zikwama kudutsa pa Beitbridge kukagulitsa khomo ndi khomo ku South Africa, nthawi zambiri pangongole, n'kudzatolera ndalama kumapeto a mwezi. Fizi yanga ya Fomu 4 inachokera m'madoili. Nthawi yomweyo kunasefukira zovala zakale za kunja, zimene kwathu ku Malawi amati kaunjika, ku Zambia salaula, kuno mabhero. Anthu ena ankasankhamo zovala, amayi ankasankhamo wulu. Ankatembenuza juzi n'kuyang'ana msoko. Ikakhala yodulidwa ndi kusokedwa pamakina ankaisiya, chifukwa yotero ukaimasula imangotulutsa tizidutswa tifupitifupi. Kwa iwo wulu wabwino ndi umene ungamasulidwe n'kulukidwanso.

Tsono ndinawawerengera kapepala kaja, n'kuwafotokozera zimene ndikudziwa. Merino ndi mtundu wa nkhosa wochokera ku Spain. Zoyamba zinafika ku Cape m'chaka cha 1789, ndipo lero zimawetedwa zambiri ku Karoo ndi ku Australia. Ubweya wake ndi wosalala kwambiri, wochepa kuposa tsitsi la munthu kangapo, n'chifukwa chake subaya khungu monga umachitira ubweya wokhakhala. Umatamuka n'kubwerera, umasunga kutentha, ndipo umamwa chinyezi osamveka kunyowa. Linen ndiye bafuta uja timamva m'Baibulo. Amachokera ku chomera chotchedwa fulakesi, cha maluwa obiriwira ngati thambo, chimene chimalimidwa kwambiri ku France, ku Belgium ndi ku Netherlands. Amachizula ndi mizu yomwe, n'kuchisiya m'munda kuti mame ndi mvula zivunditse khungwa, kenaka n'kuchipuntha kuti luzi lituluke. Luzi limeneli ndi lolimba koposa thonje, silitamuka, limazizira pakhungu, ndipo limafewa likamachapidwa. Pachokha limatopetsa manja a woluka chifukwa cha kuuma. Ubweya pawokha umachedwa pang'ono kutha koma umachita timibulu, ndipo umatentha dzuwa likakwera. Akaziphatikiza, ubweya umapatsa ulusi kufewa, fulakesi amaupatsa msana.

Ndinkaganiza kuti akondwa. M'malo mwake anabweza mpira uja m'kaphukusi mwakachetechete.

"Ubweya ndi bafuta pamodzi? Iwe, sunawerenge Deuteronomo?"

Amayi ndi a Chigwirizano ku CCAP kuyambira ndisanabadwe, ndipo Baibulo amalidziwa ngati njira ya kuchitsime. Ankanena za Deuteronomo 22:11, pamene chilamulo cha Mose chimaletsa kuvala chovala chosakaniza mitundu iwiriyi. Lamulo lofanana nalo lili pa Levitiko 19:19, ndipo Ayuda osunga mwambo amalitsatabe mpaka lero. Ndinayesa kunena kuti ife sitisunga malamulo onse a Mose, koma anandidula: "Khanda loyamba la mdzukulu wanga ndilifunditse chinthu chokayikitsa?" Wulu unalowa m'sutikesi ya pansi pa bedi, n'kukhalamo masabata awiri.

Masabata amenewo ndinavutika mumtima, ndipo sichinali chifukwa cha mtengo wa wuluwo, ngakhale ndikudziwa kuti mwana wanga anaugwirira ntchito usiku wambiri. Ndinkaona zala za amayi. Chaka chapitacho ankatha kumanga mabatani okha, chaka chimenecho ayi. Mwana anali woti abadwa mu Okutobala. Ndinadziwa kuti akapanda kuluka m'chisanu chimenecho, sadzalukanso, ndipo kamdzukulutudzi kawo kadzakulira kutsidya kwa nyanja kopanda kanthu kamodzi kogwiridwa ndi manja awo.

Tsiku lina Lamlungu masana ndinawapeza pakhonde, magalasi pamphuno, Baibulo pamiyendo, akuseka okha.

"Tabwera, Naphiri. Vesi la pamwamba pake likuletsa kulimitsa ng'ombe ndi bulu pagoli limodzi. Ukukumbuka chilala cha 1992? Ng'ombe zitafa, anzathu a kumidzi ankamanga ng'ombe yotsala ndi bulu, n'kulima. Chimanga chake tinkagula ife, n'kudya, n'kupita kutchalitchi." Anatseka bukulo. "Ndipo ine ndakhala ndikuphatikiza ulusi moyo wanga wonse osafunsa kuti uwu ndi wa chiyani. Komanso mwanayo bambo wake ndi Mkaranga wa ku Zvishavane, mayi wake Mchewa wobadwira m'komboni, yekha adzabadwira kwa azungu. Tatenga sutikesi ija."

Analuka kachidutswa koyesera kaye, nakachapa m'madzi ozizira, nakayanika chogoneka pamthunzi. Ubweya wa merino sufuna madzi otentha kapena kufikisa, ukatero umagwirana n'kuuma ngati chikopa, osamasukanso. Kachidutswako katauma kanali kofewa kuposa poyamba, ndipo mizere yake inaoneka bwino, mwina muli timadontho toyera pamene fulakesi sanamwe utoto mofanana ndi ubweya. Anagwedeza mutu, nayamba.

Ankaluka m'mawa dzuwa likafika pakhonde, mizere inayi kapena isanu, zala zikafunda. Masiku ena singano inkawapulumuka, diso n'kugwa, ine n'kulitola. Pofika kumapeto a Julayi anali ataluka utali wa chikhatho changa kawiri. M'mawa wina anandipatsira singano osanena zambiri: "Pitiriza iwe." Ndinamaliza ine mu Sepitembala. Aliyense wodziwa kuluka akayang'ana shaweloyo aona pamene anasiyira, chifukwa maso awo ndi othina ndi ofanana ngati mano a chipeso, anga ndi otayirira. Ndinafuna kumasula gawo langa kuti ndiyeserenso, koma anandiletsa.

Pomaliza penipeni, ndikuti ndimange mfundo yolimba, anandigwira dzanja. Anandionetsa kulowetsa nsonga ya ulusi m'mphepete, pamalo poti munthu woifuna aipeza. "Mwana akakula, mayi wake adzamasule, amulukire juzi. Wulu uwu ungapirire katatu." Ndinawauza kuti mwana wanga sadziwa kumasula, sanakhalepo pansi manja ali chotambasula. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinamva manyazi, pakuti amene sanamuphunzitse ndine.

Shawelo inapita ndi munthu wa kumpingo amene ankabwerera ku England. Mwana anabadwa wamkazi. M'kaphukusimo ndinaikamo singano ziwiri, theka la mpira umene unatsala, ndi pepala limene ndinalembapo m'Chichewa, mzere ndi mzere monga amayi ankandiuzira, kapezedwe ka nsonga, kaviikidwe ka ulusi ndi kulemera kwa kamwala kopachika kumunsi. Sabata yatha mwana wanga anaimba foni kufunsa kuti mawu oti kusomola amatanthauza chiyani. Ndinapereka foni kwa agogo ake, ndipo anayankhulana mpaka ndalama za m'foni zinatha.