Cos 60, akasinja ndi mwana wa ku Tsangano

Pepani ndinasowa, kuchonga mayeso a teremu kunandipanikiza. Lero ndiulule tchimo langa: ine bambo wa imvi kale, mphunzitsi wa Masamu, ndimasewera gemu ya akasinja pa foni. Musaseke, imvani kaye m'mene zinayambira.

Munali mu 2017, mwezi wa June, kuzizira kwa ku Ntcheu kuno kutafika pachimake. Ndikuphunzitsa trigonometry mu Folomu 3, ndinaona mnyamata wina wa ku Tsangano atawerama, manja ali pansi pa desiki. Ndinkaganiza kuti ndi chisanu, koma inali foni. Ndinamulanda. Mwanayu Masamu ankalephera moti ndinali nditamutaya kale mumtima.

Mu staff room ndinamufunsa kuti, "Iwe, n'chiyani chimenechi choposa MSCE yako?" Iye akunjenjemera anati, "Sala, ndi World of Tanks Blitz." Ndinamuuza kuti andionetse. Magulu awiri, akasinja 7 mbali iliyonse. Ndinayesa ine, kasinja wanga anapsa katatu mphindi 10 zisanakwane. Apa mantha anamuthera mwana uja, nayamba kundiphunzitsa ngati ine ndiye wa Folomu 3.

Malangizo ake ndinawalemba kuseri kwa scheme of work, ndipo ndi awa.

Choyamba, osathamangira pakati pa bwalo. Woyamba kuonekera ndiye woyamba kuwomberedwa. Dikira akasinja opepuka apite patsogolo akaone kumene adani abisala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, bisa thupi. Ima kuseri kwa kachitunda kuti mdani azingoona mutu wa kasinja ndi mzinga wake basi. Ukawomba, bwerera m'mbuyo pamene mzinga ukudzazidwanso, kenaka ukatulukire pena.

Chachitatu, osapatsa mdani nthiti kapena msana. Chitsulo chokhuthala chili kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo n'chopyapyala. Nawenso usalimbane ndi kasinja wolemera maso ndi maso. Awiri amutangwanitse kutsogolo, wachitatu azungulire. Anzanga a History, izi si nyanga za ng'ombe zija mumaphunzitsa pa mutu wa Shaka? Chifuwa chigwire mdani, nyanga zimuzinge.

Chachinayi, onse awombe mdani mmodzi mpaka athe. Kasinja wovulala amawombabe, wakupsa sawomba.

Chachisanu, osasiya mnzako yekha, ndipo nawe usayende wekha.

Kenaka anawonjezera kuti, "Komanso Sala, mukaima muzipendeketsa kasinja pang'ono, zipolopolo zimangoterereka." Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati sakudziwa, zimangotero.

Apa ndi pamene ndinatenga choko. Kasinja wa Soviet Union wotchedwa T-34, amene anamenya nkhondo ya ku Kursk mu July 1943, kutsogolo kwake kunali chitsulo cha mamilimita 45 okha. Koma chitsulocho anachipendeketsa madigiri 60. Chipolopolo chobwera mowongoka chimayenera kuboola 45 kugawa ndi cos 60. Cos 60 ndi theka. Yankho ndi mamilimita 90. Chitsulo chomwecho, koma njira ya chipolopolo yatalika kawiri.

Mwana uja anayang'ana pa bolodi nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndiye kuti cos ija ndi imeneyi?" Ndinati eya, ndi yomwe wakhala ukuithawa teremu yonse.

Sindikunena kuti gemu ndiyo inamukhozetsa. Foni ndinakaipereka kwa bambo ake tsiku lotsekera, ndipo chilango cholima m'munda wa sukulu anachigwira ndithu. Koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kukhala kumbuyo. Mu 2018 Masamu anakhoza ndi credit. Patapita zaka zingapo ndinakumana ndi mayi ake pa msika wa Lizulu akugulitsa kachewere, ndipo anandiuza kuti mwana analowa usilikali.

Ndinasangalala, koma mumtima munalowa kachinthu. Tonse tikukumbuka November 2018, pamene asilikali athu 6 anafera kufupi ndi Beni ku DRC. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala, ndipo mu 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Lamulo lachisanu lija iye analisunga ndi moyo wake.

Ndiye mu January 2025, nkhondo ya M23 itavuta kufupi ndi Goma, wailesi inalengeza kuti asilikali athu atatu aphedwa. Ndinkadziwa kuti mwana wanga uja ali komweko. Masiku amenewo gemu sindinaitsegule. Ndinkangodzifunsa ngati si ine ndinamuonetsa kuti nkhondo ndi samu yokoma yokhala ndi yankho pansi pake. Maina atatuluka, lake panalibe. Ndinapuma, kenaka ndinachita manyazi, chifukwa atatuwo nawonso anali ndi aphunzitsi awo amene ankadikira maina ngati ine.

Atabwerako anadzandiona, atanyamula shuga ndi sopo. Tinakhala pakhonde. Ine ndi kamwa langali ndinamufunsa ngati malamulo asanu aja anagwira ntchito. Anaseka pang'ono n'kuti, "Sala, lachisanu lokha. Komanso kumene kuja ukapsa sudina batani n'kuyambiranso." Sanapitirize, nanenso sindinafunse zambiri. Tinayamba kukamba za mitengo ya feteleza.

Gemu ndinayambiranso kusewera, Loweruka madzulo ngati bandulo ilipo. Chitsanzo cha T-34 ndimachiperekabe mu Folomu 3 chaka chilichonse, koma masiku ano ndimawauzanso anawo kuti mkati mwa chitsulo chija munkakhala anyamata anayi, ena a msinkhu wa akulu awo.

Aphunzitsi anzanga, mukalanda foni, lamulo la sukulu litsatidwe ndithu. Koma musanaitsekere mu kabati, mufunseni mwanayo chimene chimamukoka m'menemo. Mwina phunziro limene mukuvutika nalo lili momwemo.

Ndipo iwe wa ku Tsangano, ukamapita kumudzi udzatsike pa Boma. Pali T-34 wanga amene akungopsabe.